Mphuno ya Ndege ya kwa Che Bwanali

Fungo la oyilo wakale wotenthedwa ndi dzuwa, mpaka lero ndikalimva, kaya pa galaja kaya pa chigayo, mtima umathamangira ku Ndirande, chilimwe chija tinakhala moyandikana ndi ndege ya nkhondo. Linali fungo lolemera, losakanikirana ndi la labala wopsa ndi la zitosi za nkhuku. Dzuwa likafika paliwombo linkalowa m'nyumba, n'kukhazikika m'zovala, ngakhale m'madzi akumwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi, poti zaka zanga palibe anazilemba. Chomwe ndikudziwa n'choti mano akutsogolo anali atamera kale, ndipo ndowa yaing'ono ndinkadzitwika ndekha.

Nyumba yathu inali ya zidina, ya zipinda ziwiri, chakumtunda pang'ono, pomwe tauni yonse imaonekera. Kuseri kwake kunali bwalo la Che Bwanali, mmisiri wa malata, Msilamu wa ndevu zochepa ndi mawu ochepanso, amene ankasula ndowa, mbaula, masefa ndi nyale za koloboyi. Ife ana a pamenepo sitinkadzutsidwa ndi tambala koma hamala. Ikayamba ngo ngo ngo, ndiye kuti kwacha. Ikaleka, ndiye kuti mwiniwake wapita kukaswali. Bambo anga ankachapa ndi kusita kwa Mmwenye wina ku Limbe, ndipo ankabwera madzulo zala zitayera ngati chinangwa chosenda. Amayi ankagulitsa zitumbuwa pakhonde. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, cha ku Tete, ndipo anabwera ine ndili kumsana, kudzawapeza bambo amene anatsogola kudzafuna ntchito. Anthu onse ankawaitana kuti amake Zuze. M'nyumba mwathu munalibe Zuze, koma ine sindinkadabwa. Ndinkayesa ndi dzina chabe, monga mmene Che Bwanali analili Che Bwanali.

Ndege inafika Lachiwiri m'mawa, pa chilole chachitali. Nkhondo ya kwa Apwitikizi inali itangotha, ndipo mphwake wa Che Bwanali, amene ankayendetsa malole a kumalire, anaitola kwinakwake pamodzi ndi zitsulo zotayidwa. Thunthu linabwera palokha, mapiko atamangidwa m'mbali ngati nkhuku yopita ku msika. Lole pokhota pa kanjira kathu inagwetsa mpanda wa anthu ena ndi theka la bafa lawo, koma eni ake sanadandaule, poti nawonso anali kukamwa yasa. Inali yobiriwira ngati ndowe, penti itasupuka mwina ndi mwina n'kuonetsa chitsulo chonyezimira. Injini inalibe, panali chibowo chakuda chodzaza mawaya. Kunsi kwa mapiko kunali tizitsulo tokolekapo mabomba, ndi mipope ya mfuti momwe mavu anali atamangamo kale nyumba zawo.

Che Bwanali anaizungulira kamodzi, nagogoda phiko ndi chala, khutu atatchera. "Muli mapoto ambiri umu," anatero. Anati ayamba kuidula Loweruka.

Pamene lole inkadutsa, amayi anali pakhonde akukazinga. Ine ndinathamanga kukawaitana kuti adzaone, koma ndinapeza chiwaya chili chokha pambaula, mafuta akufuka utsi, zitumbuwa zitasanduka makala. Iwo anali m'nyumba, pansi pa tebulo, atakumbatira thumba la ufa ngati mwana. Ndinaseka, chifukwa munthu wamkulu pansi pa tebulo amaseketsa, ndipo sanandikalipire. Kuyambira tsiku limenelo anatseka kazenera kakuseri ndi chiguduli. Ku mpopi analeka kupitako, poti njira yake inkadutsa pa bwalo la Che Bwanali. Ankazungulira kutali mpaka ku mtsinje wa Nasolo, n'kubwera ndi madzi onunkha sopo wa anthu ena. Bambo anawapempha kuti apirire mpaka Loweruka.

Koma Loweruka lisanafike, ndege inapeza mbale wake. Anali a Sajeni, nkhalamba ya m'dera lathu imene inamenya nawo nkhondo yaikulu ya azungu kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo inkayendabe ndi jekete la mabatani achitsulo ngakhale mu Okutobala. Anafika ndi ndodo yawo, anaima njo, n'kuipatsa sawatcha. Kenako analamula anyamata kuti anyamule mapiko n'kuwatsamiritsa pa migolo m'malo mwake, ati chinthu cha ulemu sichigona chamaliseche. Mthunzi utapezeka, amuna a m'dera lonse anasamukira pansi pake, ndipo bawo inaiwalika. Pamenepo ndi pomwe a Sajeni anapeza mdani wawo, a Filipo, kalaliki wa ku fakitale ina, munthu woti nyuzipepala ankawerenga ngakhale yokulungira usipa.

A Filipo ankati nthawi ya ndege zotere inatha. Ankati masiku ano kuli za jeti, zomwe umamva phokoso lake zitapita kale. Kulinso mfuti yonyamula paphewa, imene chipolopolo chake chimanunkhiza kutentha kwa injini n'kuilondola ngati galu wolondola nyama yootcha. "Gogo wanuyu angoyerekeza kuuluka, mnyamata wopanda nsapato amugwetsa asanafike ku Chileka," ankatero, uku akupinda nyuzipepala. A Sajeni ankapukusa mutu mwachisoni. Ankati ya jeti ndi ndege ya ana ajijirijijiri, imathamanga moti siona chomwe ikuponyera, ukaituma ku Ndirande imakaphulitsa ku Bangwe. Koma yakaleyi imayenda pang'onopang'ono, chapansipansi. Imaona mbuzi, imaona mtondo pabwalo, imaona munthu amene wabisala m'chinangwa. Ukaiboola ndi zipolopolo imabwerera kwawo, amaimata zigamba ngati ndowa, mawa lake ili m'mwamba. "Msilikali wapansi akapanikizika saitana wothamanga, a Filipo," ankatero. "Amaitana amene afike n'kukhalitsa." Akatero ankasisita phiko. Ana awo anali atayamba kuwauza zoti azibwerera kumudzi, poti m'tauni analibenso chochita, ndiye mwina ankanena za ndege ndi za iwo eni pamodzi. Mkangano umenewu unkabwerezedwa madzulo aliwonse, mokweza, mpaka nthawi ya chakudya.

Ine za jeti ndinalibe nazo kanthu. Ndege inali yanga ndi Asiyatu, mwana wa Che Bwanali. Inali ndi mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, koma wakumbuyo unalandidwa tsiku lachiwiri ndi thadzi la amake Asiyatu, limene linayamba kuikiramo mazira ndipo linkajompha aliyense. Ndiye tinkapanikizana wakutsogolo, chitsulo chikutiotcha m'ntchafu, tikulimbirana kandodo kowongolera. Patsogolo pa mpando panali kamphete kachitsulo kokhala ndi mtanda pakati, ndipo tinkasinthana kusuzumiramo. Tinkauluka mpaka ku Joni kukagula masiwiti, n'kudzera ku Maka chifukwa cha Asiyatu, n'kubwerera amake asanaitane kachiwiri.

Lachisanu kunabwera a tcheyamani a chipani a m'dera lathu, bambo wamfupi wa mimba yotsogola, baji ili pachifuwa, anyamata awiri ali pambuyo. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo mawu a tcheyamani sankayankhidwa, ankangowomberedwa m'manja. Anamvetsera a Filipo, anamvetsera a Sajeni, n'kugamula kuti a Sajeni ndiwo akunena zoona. Ndege ikadali ndi mphamvu zake zonse, ndipo wonena kuti yatha ntchito afufuzidwe kuti akufuna kusangalatsa ndani. Sidulidwa. Ikwezedwa pa mulu wa miyala, iyang'ane kutauni, ipakidwe penti ya mitundu ya mbendera, kuti adani a dziko adziwe kuti Ndirande sagona. Pakatha masabata atatu padzakhala msonkhano, amayi adzavina. A Filipo ndiwo anayamba kuwomba m'manja. Che Bwanali anayang'ana lumo lake lodulira malata, limene anali atalinola kale. "Chabwino, a tcheyamani," anatero, n'kukalipachika pa msomali.

Madzulo amenewo tikudya, amayi anayankhula osakweza mawu. "Abambo a Zuze, imeneyo ikapakidwa penti ndiye kuti yakhazikika. Tsiku lomwe aipake, ine ndikupita kwa achemwali ku Mwanza, ndipo sindidzabwera." Bambo anati ntchito sangaisiye, nyumba ina sangaipeze msanga, ndipo a tcheyamani sangawatsutse, poti munthu wochokera kutsidya ukatsutsa umakwezedwa galimoto yosabwerera. Amayi anati akudziwa. Anamanga zitenje zawo ziwiri, kolona ndi chipande m'kamtolo, n'kukaika kuseri kwa chitseko. Za ine sananene kuti ndipita kapena nditsala, ndipo ndinaopa kufunsa.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndayang'ana kuseri kwa chitseko. Kamtolo kakakhalapo, ndinkapuma. Kenako ndinkathamangira ku ndege, poti mwana amatha kuopa chinthu n'kumachikonda tsiku lomwelo. Anyamata a chipani anatuta miyala, anaikwezapo ndegeyo ndi zingwe, n'kuyamba kupala penti yakale ndi mapale a mabotolo. Sabata yachiwiri zitini za penti zinafika, zakuda, zofiira ndi zobiriwira, n'kuunjikidwa pansi pa phiko. Ine ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinapempha Mulungu kuti penti iume m'zitini momwemo, ndipo ndinauza Asiyatu kuti apemphenso kwawo, kuti pena pakakanika pena patheke. Ndinaba dzira la thadzi lija, dzanja likuchucha magazi, n'kukawapatsa amayi kuti aone kuti m'ndegemo mumatuluka zabwino. Analiyang'ana dziralo, n'kundiuza kuti ndikalibwezere pomwe ndalitenga.

Lachisanu lomaliza, akusefa ufa wa zitumbuwa, ndinayesanso. Ndinawauza kuti angobwera kamodzi adzakhale pampando, poti kuchokera pamene anaikweza pa miyala mumaoneka zokongola. Mukasuzumira m'kamphete kaja mumaona madenga onse, utsi wa mafakitale, tauni, ndipo pakati penipeni pa mtanda pamakhala nyumba yoyera ija ya pa phiri, ya mbendera. Sefa inaima. Nyumba imeneyo inali yatsopano, ya mwini dziko, ndipo ngakhale ife ana tinkadziwa kuti siilozedwa ndi chala.

"Wati nyumba iti?" anafunsa.

Ndinabwereza. Anandiuza kuti ndibwerezenso, ndipo ndinatero. Anapitiriza kusefa ufa womwe anali atausefa kale.

M'mawa mwake, Loweruka, linali tsiku la penti. Pabwalo panadzaza anthu, a tcheyamani atavula jekete, akuvundula okha chitini choyamba ndi kamtengo. Amayi anavala chitenje cha chipani, chomwe ankachivala pokhapokha akakakamizidwa, anamanga duku, n'kundigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira ngati la munthu wochokera kumtsinje, ndipo linandifinya mpaka zala zinachita dzanzi. Tinazungulira nyumba n'kulowa pa bwalo la Che Bwanali, iwo maso ali pansi, osayang'ana ndege ngakhale kamodzi. Atafika pamaso pa a tcheyamani anagwada, monga mwa ulemu wake.

"Pepani a tcheyamani, ine ndine mkazi wosaphunzira, ndimati ndingofunsa," anatero. "Kwathu imeneyi ndinaiona ikugwira ntchito. Siponya cham'mbali ayi. Imaweramitsa mutu, ndipo komwe yaloza mphuno ndi komwe kumapsa. Ndiye ndimati, apa mwailozetsa kuti?"

Anthu onse anatembenuka pamodzi ngati mbuzi zamva likhweru. Maso anatsata mphuno ya ndege, kudumpha madenga, kudumpha mafakitale, kudumpha tauni, n'kukatera pa phiri. Panakhala chete woti thadzi lija linamveka likudzikonza pa mazira. A tcheyamani anakwera okha kukasuzumira m'kamphete. Mimba inakanirira pakhomo pa mpando, ndipo anyamata awo anachita kuwazula ngati chinangwa. Atatsika, nkhope inali itatuwa, thukuta likudontha pa baji.

"Itembenuzeni," anatero.

Ntchito yotembenuza ija ndi imene a ku Ndirande anaisimba zaka zambiri. Amuna makumi awiri anagwira zingwe, ena akusuntha migolo ya mapiko, a Sajeni akulamula ndi ndodo. Ataikhotetsa pang'ono, Asiyatu, amene anamukweza kuti azisuzumira, anati tsopano pa mtanda pali polisi. Anakankhanso, ndipo panabwera ofesi ya chipani ndi mbendera yake. Anakankhanso, panabwera mzikiti, ndipo Che Bwanali anangotsokomola kamodzi, amuna n'kugwiranso zingwe. Kenako tchalitchi, akatekisiti n'kuyamba kuvula chipewa kuti ayankhule. Kenako Asiyatu anafuula kuti akuona nyumba ya chitseko cha buluu ya anti aja ogulitsa mowa, ndiponso njinga ya a tcheyamani ili pakhonde. Akazi a tcheyamani anali pomwepo, atanyamula ndowa ya madzi a anthu ogwira ntchito, ndipo anaitula pansi pang'onopang'ono. Ndege inatembenuzidwa msanga kuposa maulendo onse.

Dzuwa likupendeka anailozetsa ku phiri la Ndirande lenilenilo, komwe kunali miyala ndi mitengo basi. Anthu anapuma, ena anakhala pansi. Pamenepo wina kumbuyo, mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani, anafunsa kuti kodi kuseri kwa phirilo si njira ya ku Zomba, komwe kuli asilikali ndi nyumba zina za boma. A Sajeni, amene sankatha kumva funso la ndege osaliyankha, anati imeneyi ku Zomba ingafike tiyi asanazizire. Atangotero anazindikira chomwe anena, n'kugwira pakamwa.

Ndiye munaona zodabwitsa. A Sajeni anayamba kulumbira kuti ndegeyo ndi nkhalamba yopanda mano, injini ilibe, mfuti zadzaza mavu, ngakhale khwangwala sangaiope. A Filipo, amene anauzidwa kuti wonyoza ndege afufuzidwa, anaumirira kuti ayi ndithu, ikadali ndi mphamvu zake zonse monga ananenera a tcheyamani. Anakangana mpaka kulozana zala, aliyense atanyamula mawu a mnzake. A tcheyamani sankawamvera. Iwo ankadziwa bwino mmene nkhani zinkayendera masiku amenewo, poti zina ankaziyendetsa ndi iwo omwe. Wokanena sakanatchula za injini kapena za mavu. Akanangoti ku Ndirande tcheyamani wina wakweza ndege ya nkhondo pa miyala, ndipo kwa sabata yathunthu inaloza ku nyumba ya mwini dziko.

"Che Bwanali, lumo lanu lija lili kuti?" anafunsa motsitsa.

"Lili pomwe munandiuza kuti likhale, a tcheyamani."

A tcheyamani anakwera pa mgolo n'kulengeza kuti chinthu ichi n'cha atsamunda, chonyansa, chosayenera kuima pakati pa anthu omasuka, monga iwo akhala akunenera kuyambira pachiyambi. Tinawomba m'manja. Penti ija inakathera pa zitseko za kwawo, ndipo akuti chitseko cha buluu chija sichinalandireko.

Hamala inalira kuyambira Lolemba mpaka mvula yoyamba. Ndege inkachepa tsiku ndi tsiku ngati ng'ombe ya pa ukwati, ndipo inatuluka pa bwalolo ili mapoto, mabeseni, zikombe ndi zivundikiro. Chitsulo chake chinali chopepuka, chosachita dzimbiri, ndipo amayi a ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa ankabwera wapansi kudzachifuna. Thadzi linasamutsidwa ndi anapiye asanu ndi mmodzi. A Sajeni anapatsidwa mpando wakutsogolo, n'kuuika pakhonde pawo, ndipo ana awo atabwera kudzawatenga anakana kudzukapo, mpaka anawasiya. Ine ndinalira tsiku lomwe anadula mphuno, ndipo ndinawakwiyira amayi masiku awiri. Koma kamtolo kuseri kwa chitseko kanamasulidwa, chiguduli chinachoka pazenera, ndipo madzi a ku mpopi anabwereranso m'nyumba.

Che Bwanali anabwera yekha pakhonde pathu ndi poto wamkulu wonyezimira, nati ndi wa amake Zuze. Amayi anathokoza, koma anati m'menemo sangadyeremo. Anapempha kachidutswa ka kunsi kwa phiko, pomwe pankakolekedwa mabomba, kuti akadule mozungulira n'kuikapo chogwirira. Che Bwanali anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo mawa lake anabweretsa. Chinali chinthu chokongola kuposa zonse za m'nyumba mwathu, choti n'kudziyang'anirapo nkhope. Amayi anapita nacho kuseri n'kukavundikira bowo la chimbudzi. Ndinadandaula kuti anzathu onse akuphikira ndege, ife tokha ndi amene tikuichita zimenezi. Anati ntchentche zachuluka. M'mawa uliwonse ndinkamva chikulira, ngwee, akuchikankhira pamalo pake ndi phazi.

Za Zuze anandiuza ndi bambo, ine nditabereka mwana wanga woyamba, amayi atamwalira kale. Anali mchimwene wanga, wa zaka zisanu. Tsiku lomwe ndege ngati imeneyi inabwera pamudzi wathu ku Tete, amayi anali kudambo ine ndili kumsana, iye ali ndi mbuzi chakumunda, ndipo anachita zomwe ana onse anaphunzitsidwa, anathamangira m'chinangwa n'kugona pansi, koma sanadzukenso. Bambo atanena zimenezo ndinakumbukira mawu a a Sajeni aja, obwerezedwa madzulo aliwonse kuseri kwa nyumba yathu, ndiponso kuti chiguduli chimatseka kuwala koma sichitseka mawu.

Masiku ano adzukulu anga amakangana atagwira foni, wina akuti ndege zakale zoponya pansi azipumitse poti kwabwera tina topanda munthu m'kati, wina akuti yakale ndiyo yodalirika. Ndimawamvera n'kumaseka, chifukwa ndi a Filipo ndi a Sajeni omwe aja, angosowa mthunzi wa phiko. Ndili mwana ndinkanyadira kuti amayi anga anali ochenjera, anagwetsa ndege ya nkhondo ndi funso limodzi, ndipo ndinkadzitama kuti nzeruyo anaitenga kwa ine. Pano chomwe ndimakumbukira kwambiri si funsolo ayi. Ndi kanjira kaja kochoka pakhonde pathu kufika pansi pa phiko, koti ine ndinkakadutsa chothamanga kakhumi pa tsiku, ndi dzanja lozizira lija limene silinandisiye mpaka tinabwerera m'nyumba.